Gogodera, 303 ndi Kamfuti ka M'chiuno: Mbiri ya Mfuti Zakale kwa Sandwe

Dziko la Mfumu Sandwe lili pamene mtunda wa Petauke umayamba kutsetserekera m'chigwa cha Luangwa. Ndi dziko la mapiri amiyala, nkhalango za msuku ndi tsanya, ndiponso mitsinje imene imasefukira m'dzinja n'kuuma gwa m'chilimwe. Akuluakulu a Chinsenga amasimba kuti makolo awo anachokera kumadzulo, mbali za Uluba, nadzera kwa Alala asanawoloke Luangwa. Chaka chake palibe anachilemba. Chimene chimakumbukika n'chakuti anabwera ndi uta, mivi yopaka ulembe, mikondo ndi nkhwangwa, ndipo anali ndi amisiri odziwa kuyenga chitsulo m'ng'anjo. Njovu ankaipha m'magulu, ena poikumbira mbuna, ena poitchera mkondo wolemera pamtengo wa m'njira yake. Inali ntchito ya anthu ambiri, ndipo nyama yake inkadyedwa ndi mudzi wonse.

Miyambo iwiri ya nthawi imeneyo inadzaumba moyo wa mfuti itafika. Woyamba ndi wa cholowa: kwa Ansenga, monga kwa Achewa, mtundu umatsata mayi, choncho katundu wolemekezeka wa mwamuna amapita kwa mbale wake kapena kwa mwana wa mlongo wake. Wachiwiri ndi wa mnyanga: njovu ikagwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu mwini nthaka. Mnyanga umenewu ndiwo unaitana amalonda, ndipo amalondawo ndiwo anabwera ndi mfuti.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, Apwitikizi ndi amalonda ochokera ku Goa anamanga msika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo tsidya lake kunadzakhala Feira. Ankafuna golide ndi minyanga, akulipira nsalu ndi mikanda. M'chaka cha 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, ndipo mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo, onsewa ali ndi asilikali onyamula mfuti. Koma pa nthawi imeneyo mfuti m'midzi ya m'chigwa inali chinthu chomvera kwa alendo. Mfumu ikakhala nayo imodzi, inali ya ulemu kuposa ya nkhondo.

Zinthu zinasintha chifukwa cha nkhondo za kutali zimene Ansenga sanazione. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maboma a ku Ulaya anatsala ndi milu ya mfuti zosowa ntchito. Za asilikali a Britain zinali ndi chidindo cha chisoti chachifumu ndi mawu akuti TOWER pa kachitsulo ka m'mbali, kusonyeza nkhokwe ya zida ya ku Tower of London. Amalonda anazigula motchipa n'kuzitumiza ku Africa. Mafakitale a ku Birmingham ndi ku Liège, poona kuti malonda akuyenda, anayamba kupanga zina zofanana nazo, zachitsulo chosalimba, mwina n'kudindapo TOWER yemweyo kuti wogula akhulupirire. Kenaka m'zaka za m'ma 1860 magulu a nkhondo a ku Ulaya anasiya mfuti zothirira onga kukamwa n'kutenga zolowetsa chipolopolo kumbuyo. Mfuti za mtundu wa Enfield za 1853, zimene zinamenya nkhondo ku Crimea, zinasanduka zotsalira nazonso, ndipo zambiri zinatsikira ku madoko a Zanzibar ndi Quelimane. Tinganene mosaphiphiritsa kuti chimene agogo ankachitcha chida chatsopano chinali kaunjika wa asilikali a ku Ulaya.

Mfuti imeneyi ndiyo gogodera, ndipo dzinalo likumveka ntchito yake. Mlenje amaimiritsa mfuti, matako ake pansi, kamwa kumwamba. Amatsanula onga pachikhatho, kuuyesa ndi maso, n'kuuthira mumpope. Amaponyamo kansanza kapena luzi lotafunatafuna, n'kusolola ndodo yachitsulo ya kunsi kwa mpope, go! go! go! kutsindira. Kenaka chipolopolo, kenaka kansanza kena, n'kugogodanso. Zakale kwambiri zinkayaka ndi mwala wa moto umene unkakhula chitsulo n'kutulutsa tinthethe. Zapambuyo pake zinkafuna kachipewa kamkuwa kovekedwa pa kamphuno, kamene nyundo ya mfuti inkamenya. Ikalira, utsi woyera unkaphimba zonse, moti mlenje sankadziwa msanga ngati njati yagwa kapena ikumulondola. Ndiye chifukwa chake alenje ankayenda ndi kankhwangwa paphewa ndiponso ankayang'aniratu mtengo wokwera. Onga ukanyowa ndi mame, mfuti inkangoti tswa osalira. Ukachuluka, mpope unkaphulika n'kutenga zala. Midzi yambiri ya m'chigwa inali ndi mkulu wake wa zala zitatu.

Pakati pa zonsezi panadutsa Angoni. Mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, mfumu yawo Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto, atatenga anthu ambiri. Msika wa Zumbo unasiyidwa. David Livingstone atafika kumeneko mu January 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka lili mu udzu.

Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862, ndipo kuyambira pamenepo chigwa cha Luangwa chinalowa m'zaka zake zowawa. Eni mfuti tsopano anali Achikunda, zidzukulu za akapolo ankhondo a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. Anali akatswiri opha njovu, oyenda m'magulu motsogozedwa ndi nkumbalume, mkulu wa alenje wodziwa mankhwala ndi zizimba za ulenje. Ena anabwera mwamtendere, napereka mnyanga wa pansi kwa mfumu, nakwatira m'mudzi, naphunzitsa alamu awo kuombera. Koma njovu zitayamba kuchepa, malonda anatembenukira kwa anthu. Mayina awiri sanaiwalike mpaka lero: Kanyemba, amene pa Chipwitikizi anali José do Rosário Andrade, ndi Matakenya, José de Araújo Lobo. Ankhondo a Matakenya ankakwera Luangwa, kutentha midzi ndi kugwira anthu. Ansenga anamanga malinga, ena anathawira kumapiri. Mfumu imene inalibe mfuti inalibe tulo, ndipo mfuti inkagulidwa ndi mnyanga kapena munthu. Aliyense wosirira gogodera wopachikidwa pakhoma ayenera kudziwa kuti ena mwa iwo mtengo wake unali mwana wa munthu.

Kum'mawa nako kunali moto. Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwereranso m'dziko la Ansenga, nakhazikika kumene lero kuli Chipata. Angoni ake anakwatira akazi a Chinsenga ochuluka kotero kuti ana awo anakula akulankhula Chinsenga, Chingoni n'kutsalira m'nyimbo za ingoma. Chodabwitsa n'chakuti mfuti sanaikonde. Katswiri wa mbiri yakale Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lotchedwa The Gun in Central Africa, akufotokoza kuti kwa Angoni ulemu wa mwamuna unali kufika pafupi ndi mdani ndi chishango ndi mkondo. Kupha munthu uli chapatali kunali kwa amantha. Mfuti anali nazo, zina zolanda, zina zochokera kwa wamalonda wa Chijeremani Carl Wiese, koma sizinasinthe kamenyedwe kawo. Wiese yemweyo ndiye anatenga chilolezo cha migodi chimene chinadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkalota golide m'dziko la Mpezeni. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anabwera ndi mizinga ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo ngati matalala. Nkhondo inatha m'masiku owerengeka. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anaomberedwa mu February, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa.

Apa mpamene kamfuti ka m'chiuno, pisitolo, kakulowa m'nkhani. Sikanalowe ngati katundu wogulitsa. Kanabwera pa lamba wa mzungu wolamula asilikali, m'kachikwama kachikopa, kali ndi chingwe chokoleka m'khosi. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linali litaletsa kale kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a mbali yaikulu ya Africa. Zimene linalola zinali zothirira onga kukamwa ndi onga wamba. Boma la kampani ya British South Africa, limene likulu lake la kuno linali Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, linatsata mzere womwewo, ndipo boma la atsamunda limene linalowa mu 1924 silinausinthe kwenikweni. Panali makwerero atatu ooneka ndi maso. Munthu wa kumudzi, gogodera, ndipo imeneyonso ailembetse ku boma n'kulipira laisensi. Msilikali kapena wapolisi wakuda, mfuti yaitali ya boma, yoibweza kunkhokwe ntchito ikatha. Bwana, pisitolo. Nyama simungaphe ndi pisitolo, ndipo aliyense ankadziwa kuti kanthuko kanapangidwira munthu.

Pisitolo ya asilikali a Britain inali Webley, imene anaivomereza mu 1887. Mtundu wake wotchuka kwambiri, Mark VI, unatuluka mu 1915. Ndi chinthu cholemera kuposa kilogalamu imodzi, cha zipolopolo zisanu ndi chimodzi zokhala m'kamgolo kozungulira. Ukakankha kachitsulo ndi chala chachikulu imathyoka pakati ngati bondo, makoko a zipolopolo zowombedwa n'kudumphira kunja onse pamodzi. Ajeremani anali ndi Luger, yolowa m'gulu lawo la nkhondo mu 1908, yowonda ndi yopendekera chogwirira, imene asilikali a Britain ankailakalaka ngati chikumbutso.

Nkhondo ya 1914 inafika ku malire a kumpoto kwa Northern Rhodesia, ndipo amuna a kum'mawa anaitanidwa, ochepa ngati asilikali, ochuluka ngati amtengatenga. Ankasenza ufa, mchere ndi mabokosi a zipolopolo mtunda wa masabata, ndipo ambiri anafera m'njira ndi kamwazi ndi njala osaona n'komwe Mjeremani. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, atazungulira mu Mozambique, analowa m'dziko lino chakumapeto kwa 1918 nalanda Kasama. Uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya unamupeza pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November, ndipo pa 25 November anatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala. Anali ndi azungu 155 ndi asilikali akuda opitirira 1,100. Anthu a ku Mbala amasimba kuti zida zambiri zinaponyedwa m'nyanja yaing'ono ya Chila, pafupi ndi tauniyo. Pa Chambeshi panaimikidwa chipilala chokhala ndi mzinga wakale. Wamtengatenga wa ku Petauke anabwerera ndi mapewa otupa ndi tindalama tochepa.

Nkhondo yachiwiri inatengera ana a kuno kutali kwambiri. Gulu la Northern Rhodesia Regiment, lopatulidwa ku apolisi mu 1933, linamenyana ndi Ataliyana ku Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, linapita ku Ethiopia, kenaka ku Burma kukakumana ndi Ajapani. Chinenero cha m'gululo chinali Chinyanja, n'chifukwa chake mpaka lero msilikali ndi wapolisi wa ku Zambia amachilankhula ngakhale akhale wa ku Mongu. Mayina a malo ankhondowo ali pa zipata za makampu: Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe, Gondar ku Chipata. Msilikali wakuda ankanyamula Lee-Enfield, imene aliyense kuno amangoitcha 303. Mabwana anali ndi Webley kapena Enfield yaing'ono yocheperako mphamvu. Nkhondo itatha, mzungu wina ankabwerera kwawo ndi Luger kapena Beretta yolanda ili pansi pa sutikesi. Mnsenga anabwera ndi mamendulo, jasi lalitali la khaki, nsapato za jombo ndi nthano za m'nkhalango ya mvula yosakata. Ichi n'chifukwa chake mapisitolo a nkhondo ziwirizi ali mbwee m'makabati a ku Britain koma ndi osowa m'midzi ya anthu amene anamenya nawo.

M'midzimo gogodera anakhalabe mfumu. Mnyamata wobwera ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ankafuna njinga, makina osokera ndi mfuti. Wolemera ankagula chifefe, wosauka ankawombola gogodera wa malume ake kwa wosula. Osulawo ndiwo ngwazi zosatchulidwa za nkhaniyi. Pa chipala cha pansi pa mtengo, ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ankasula sipuling'i yatsopano, kusema thako la mfuti pa mtengo wolimba, kumanga ming'alu ndi waya wamkuwa kapena chikopa chachiwisi chimene chimagwira zolimba chikauma. Patapita zaka, mfuti ina inkatsala ndi kachitsulo ka m'mbali kokha kochokera ku Ulaya, zina zonse zili za kumudzi konkuno. Wosonkhanitsa zakale wa ku London angaitaye kuti yaonongeka. Kwa wolemba mbiri, imeneyo ndiyo yokhala ndi nkhani.

Stuart Marks, amene anayamba kukhala pakati pa Abisa a kwa Nabwalya, kumtunda kwa chigwa chomwechi, m'zaka za m'ma 1960, analemba m'buku lake la mu 1976, Large Mammals and a Brave People, momwe ulenje ndi mfuti zinkayendera m'mbumba, mlenje akusankhidwa ndi kudalitsidwa ndi akuluakulu a mtundu wake, nyama n'kugawidwa motsata ubale. Wa kwa Sandwe wowerenga bukulo sangaone zachilendo zambiri. Mfuti inali ya banja. Inkateteza munda wa mapira ku njovu ndi nguluwe, inkalira pa maliro a munthu wamkulu kuti midzi yoyandikana imve, ndipo mwini wake akamwalira inali m'gulu la zinthu zoyamba kukambidwa pogawa za masiye.

Koma malamulo ankaifinya chaka ndi chaka. Mu 1938 mbali zina za chigwa zinaikidwa malo otetezera nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya dziko lonse. Mbali ina ya dziko la Sandwe, lochita malire ndi pakiyo, inasanduka Game Management Area, kumene anthu amakhala ndi kulima koma nyama ndi ya boma. Mlenje amene dzulo ankamuimbira nyimbo anadzuka ali ndi dzina latsopano la wopha nyama mozemba, pamene mlendo wolipira madola ankaombera njati yomweyo ndi chikalata m'thumba. Mkwiyo wa nkhani imeneyi sunathe m'midzi.

Kenaka kunabwera mfuti imene inachititsa gogodera kuoneka ngati choseweretsa ana. Nkhondo ya ufulu wa Mozambique inafika m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo inatsatira mpaka pangano la ku Rome la pa 4 October 1992. Zida za ku Soviet Union ndi China zinadzaza dziko: AK-47, imene ili ngakhale pa mbendera ya Mozambique, ndi mapisitolo a Tokarev ndi Makarov. Kuyambira mu 1987 zigawenga za Renamo zinkadumpha malire n'kuukira midzi ya kum'mawa kwa Zambia. Chaka chomwecho kunatsegulidwa malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'dera limene lero ndi boma la Lusangazi, ndipo anthu a ku Mozambique opitirira 20,000 anakhala kumeneko, akulima limodzi ndi eni dziko amene ankamvana nawo chinenero, mpaka anabwerera kwawo mu 1994. Othawawo anabwera ndi makasu ndi mapoto. Mfuti zinkadzera njira zina za m'thengo, m'manja mwa asilikali othawa ndi amalonda, ndipo munthu wanjala ankasinthanitsa AK ndi chimanga. Kalembera wa mu 1973 anapeza njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa cha Luangwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zochuluka zinali zitatha, ndipo chipembere chinazimiririka. Gogodera anakhala m'chigwamo zaka zoposa zana osamaliza chipembere. Mfuti za nkhondo zinachita zimenezo m'zaka zosakwana makumi awiri.

M'zaka zomwezo, ku Britain kunkakula chizolowezi cha mtundu wina: kusunga mfuti zakufa. Lamulo la mu 1988 linalongosola momwe mfuti ingaphedwere kuti isawerengedwenso ngati chida. Mmisiri wovomerezeka amang'amba mpope n'kuutseka ndi chitsulo chowotcherera, amadula kamsomali komenya chipolopolo, n'kuononga zina za m'kati. Kenaka mfutiyo imapita ku nyumba yoyesera mfuti ya ku London kapena ya ku Birmingham, kumene amaidinda n'kupereka chikalata. Kunja imaoneka bwinobwino, koma singalirenso. Munthu wina atapha ana asukulu ku Dunblane mu 1996, boma linaletsa mapisitolo pafupifupi onse mu 1997, ndipo kwa okonda mbiri ya nkhondo njira yosavuta yosungira Webley ya agogo awo inatsala yomweyi. Osonkhanitsawa ndi anthu a tsatanetsatane. Amayang'ana chaka, chidindo cha fakitale, kamuvi kosonyeza katundu wa boma la Britain, manambala ngati akufanana pa ziwalo zonse, ndipo ikakhala ndi dzina la msilikali amene anainyamula mtengo umakwera. Malamulo anakhwimanso mu 2015, zitadziwika kuti zina mwa mfuti za zigawenga zimene zinapha anthu ku Paris mu January chaka chimenecho zinali zophedwa mosakwanira ku Slovakia n'kudzutsidwanso.

Kuno kupha mfuti kunatenga njira yake. Ku Mozambique, bungwe la mipingo ya Chikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linayamba mu 1995 kusinthanitsa zida ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri a zosemasema a ku Maputo ankaziwotcherera n'kupanga mbalame, mipando ndi anthu. Mpando wopangidwa ndi Cristóvão Canhavato mu 2001 uli ku British Museum. M'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Nyimba, linabwera ndi malonda ofanana nawo: mlenje apereke mfuti ndi mawaya otchera nyama, aphunzire ulimi wa mtedza ndi soya, kuweta njuchi kapena ukalipentala, ndipo zokolola zake zigulidwe. Mfuti zoposa 1,000 zaperekedwa mwa njira imeneyi, zambiri mwa izo a gogodera.

Sizinali zophweka kwa operekawo. Mfuti ya mbumba siiperekedwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika kufunsa alongo ndi atsibweni. Ndipo njovu, zimene zikuchulukanso, sizinasaine nawo pangano lililonse. Mlimi amene anapereka gogodera amachezera usiku m'munda ndi zitini, moto ndi tsabola.

Lero lamulo la mfuti la Zambia, Firearms Act, limafuna laisensi pa mfuti iliyonse, ngakhale ya agogo. Wopeza pisitolo yadzimbiri polima kapena m'tsindwi la nyumba ya malemu njira yake ndi ya ku polisi, osati ya kumsika. Lamulo lina, la mu 1989 loteteza zinthu zakale, limaika chaka cha 1924 ngati malire a zimene sizituluka m'dziko popanda chilolezo, ndipo mfuti ya TOWER ndi Webley ya nkhondo yoyamba zonse ndi zakale kuposa chakacho. Wofuna kuona zida zakale mwamtendere ayenera kukwera basi kupita ku nyumba zosungira zakale za ku Lusaka, Livingstone kapena Moto Moto ku Mbala. Ku Petauke, kumene Ansenga amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, mbiri ya mfutizi idakali m'kamwa mwa okalamba.

Chikhalirecho mulu wa mfuti zakale ulipo kale m'chigwamo, m'nkhokwe za alonda a nyama ndi za apolisi, kumene zolandidwa ndi zoperekedwa zimasanjikizana podikira tsiku loonongedwa. Pa pepala zimalembedwa mofanana, mfuti yothirira onga kukamwa, imodzi. Zambiri ndi zosulidwa dzana ndi mipope ya madzi, ndipo palibe angazilirire. Koma wina atakhala pansi ndi kansanza ka mafuta n'kupukuta dzimbiri pa kachitsulo ka m'mbali imodzi ndi imodzi, pa zina pangatuluke chisoti chachifumu, zilembo zisanu za TOWER ndi chaka. Mwini wake woipereka, ngati akadali moyo, akhoza kutchula malume amene anamusiyira, ndi malume a malumewo, mwina mpaka kufika pa mlenje wa Chikunda amene anakwera nayo Luangwa kuchokera ku Zumbo. Pa fomu yolandirira mfuti palibe mzere wolembapo mayina amenewo.